Malo a Misozi pa Mphasa

Ana anga, Tiyamike, Yohane ndi Limbani, ndikulemba izi chifukwa maso ayamba kuchita chidima ndipo mawondo sakundilolanso kukhala pansi ndi ana aang'ono monga ndachitira kwa zaka makumi atatu ndi zisanu. Za ubwana wanga ku komboni ya Matero mukuzidziwa kale, pakuti agogo anu, amene anabwera kuno kuchokera ku Dedza kudzafuna ntchito, anakusimbirani mokwanira. Ine ndiyambira pa tsiku limene ndinalowa ntchito.

Matero, 1988

Ntchito yanga yoyamba inali pa sukulu ya mkaka ya mpingo wathu, imene aliyense ankangoitchula kuti nazale. Inali m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi momwe ankasungiramo mabenchi othyoka. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo iwe Tiyamike unali ndi zitatu. Mkulu wanga pa ntchito anali Mayi Tembo, mayi wamasiye wa ku Katete, wamfupi ndiponso wosakonda zolankhulalankhula. Masiku amenewo zinthu zinkasowa. Anthu ankalawirira kukaima pa mzere wa ufa ndi sopo, ndiye choko cha nazale akanachiganizira ndani? Tinkalemba ndi makala pa simenti, tinkawerengera zitsekerero za mabotolo, ndipo zidole tinkapanga tokha ndi zitsononkho za chimanga zokulunga m'zisanza.

Sabata yanga yachiwiri, kamwana kena dzina lake Ganizani kanalanda chidole cha mnzake, mnzakeyo n'kuyamba kulira. Ine ndinatenga kamtengo n'kukamenya pa dzanja, ndipo ndinakalamula kuti kapepese. Kanati "pepa" maso ali kwina, ndipo nditangotembenuka kanalandanso. Ana ataweruka, Mayi Tembo anandiitana.

"Amake Tiyamike, mwana uja mwamumenyera chiyani?"

"Ndi woipa mtima, mayi. Sadziwa kugawana ndi anzake."

"Ali ndi zaka zingati?"

"Ziwiri ndi theka."

"Ndiye mukuti adziwe bwanji kuti mnzakeyo zikumupweteka mumtima? Iye akuona chidole basi. Pepa uja mwamukankhira m'kamwa ngati mankhwala owawa, ndipo walavula. Sabata ino kamtengoko mundisiyire. Inu mukhale pa mphasa, muziwaona."

Ndinakwiya, koma ndinamvera. Zimene ndinaona m'sabata imeneyo ndi zimene zinandidyetsa moyo wanga wonse. Ana osakwana zaka zitatu ankasewera pamalo amodzi koma aliyense payekha, ngati nkhuku zojompha pa bwalo limodzi. Mmodzi akalira, ena ankalira nawo osadziwa chimene akulirira. Oyandikira zaka zitatu anali atayamba kusintha. Ndinaona kamtsikana kena kali ndi kansanza kamene kankakonda kuyamwa. Mnzake atagwa n'kuyamba kulira, iko kanachotsa kansanza kaja m'kamwa mwake n'kukamukankhira mnzakeyo kumaso, malovu ali chuchuchu. Kanapereka chimene chinkatonthoza iko komwe, poganiza kuti chimatonthoza aliyense. A zaka zinayi ndiwo anali oweruza milandu: uyu wabera, uyu wakwera kawiri, tsopano ndi nthawi yanga. Tsiku lina mwana wina anadya mbatata ya mnzake n'kundiuza kuti yadyedwa ndi khoswe. Mayi Tembo anabisa nkhope m'chitenje kuseka. Pambuyo pake anati, "Bodza ndi loipa ndipo mumudzudzule, koma dziwani kuti wakula. Wazindikira kuti zimene zili m'mutu mwake inu simukuziona." Anandionetsanso kuti mwana akagwa, asanalire amayamba wayang'ana nkhope ya wamkulu amene ali pafupi. Wamkuluyo akaoneka wamantha, mwana amalira. Akaoneka wodekha, mwana amadzisasa fumbi n'kupitiriza kuthamanga.

George, 1993

Mayi Tembo atabwerera kwawo ku Katete, mpingo unanditumiza ku komboni ya George kukatsegula nazale ina. Kumeneko ndinali ndekha ndi ana opitirira makumi asanu m'chipinda chopanda mawindo. Wapampando wa komiti, Bambo Zulu, chimene ankafuna n'chakuti ana azikuwa zilembo za Chingerezi mokweza kuti odutsa mumsewu azimva kuti pano pakuphunzitsidwa. Zinali zaka za maliro ambiri. Sabata sinkatha popanda tenti kuima pa khomo lina m'komboni. Ana anasiya masanje ophika, anayamba masanje a maliro. Mmodzi ankagona pansi n'kumufunditsa chitenje, atsikana n'kumuzungulira akulira, anyamata n'kukhala poteropo atagwira zibwano ngati azibambo. Bambo Zulu ataona anakalipa kuti ana akuitana tsoka, ndipo anandilamula kuti ndiletse. Ine ndinangowasamutsira anawo kuseri kwa nyumba. Ndinatero chifukwa ndinali nditaona kamtsikana kena, kamene mayi ake anali atamwalira mwezi womwewo, kakusisita mnzake pamsana m'masanjemo n'kumati, "Osalila, bamai bako bapumula chabe." Mawu amene akuluakulu anakauza, iko kanali kuwayesa pa mnzake kuti kaone ngati amagwiradi ntchito.

Kanyama, 1997

Tinasamukira ku Kanyama kuti tiyandikire fakitale imene abambo anu ankagwirako ntchito. Chaka chisanathe fakitaleyo inatsekedwa, iwo n'kuyamba kuyenda maganyu. Ine ndinapeza malo pa nazale ya munthu wina wamalonda, Bambo Mwanza, amene analinso ndi golosale pafupi ndi msika. Sanali munthu woipa. Denga likadontha ankakwera okha kukamata. Mvula ya ku Kanyama mukuikumbukira: madzi ankadzaza njira zonse, ndipo tinkaika miyala kuyambira pa geti mpaka pa khomo kuti ana azidumphira.

Kanyama, 1998

Mu Januwale munabwera mwana watsopano wa zaka zinayi, dzina lake Misozi. Anali wachialubino. Ankavala chipewa chachikulu cha munthu wamkulu, ndipo chilichonse chimene afuna kuchiona ankachiyandikiza kumaso. Mayi ake ankagulitsa repu ndi tomato pa msika. Bambo ake anathawa iye atangobadwa, ati mwanayo si wawo. Tsiku loyamba ana anamuunjirira, kumugwira tsitsi ndi manja. Wina anamufunsa kuti, "Iwe, umasamba na sopo ya bwanji?" Misozi anati amasamba sopo ya buluu ngati aliyense, ndipo nkhani inathera pomwepo. Pofika masana anali akukanganirana naye zitsekerero za mabotolo ngati wina aliyense. Amene anamukonda kwambiri anali mtsikana wina wa msinkhu wake, dzina lake Lute. Popanda womuuza, Lute anazindikira kuti dzuwa likawala Misozi saona bwino miyala ya pa madzi ija, ndipo ankamugwira dzanja n'kumamuuza kuti, "Ponda apa. Manje apa."

Zinayamba kuipa pa geti. Nthawi yoweruka amayi ankabwera kudzatenga ana awo. Tsiku lina mayi wina woyembekezera ataona Misozi akutuluka, anakoka bulauzi yake n'kudzilavulira pa chifuwa. Anthu ena amakhulupirira kuti ukatero sudzabereka mwana wotere. Amayi ena awiri anachitanso chimodzimodzi. Ana anali pomwepo, maso ali pa nkhope za amayi awo. Sabata ziwiri zisanathe, Misozi akadutsa, ana ankakoka malaya n'kudzilavulira. Ndinagwira mnyamata wina n'kumufunsa.

"Walavulila chani?"

"Bamai bamachita so."

"Chifukwa chani?"

"Kaya."

Nkhope yake inali yoyera, yopanda chidani ngakhale pang'ono. Ankangochita zimene waona, monga momwe ankatsanzirira kupalasa moto kapena kuyendetsa minibasi. Koma patapita mwezi, mnyamata yemweyo anakuwa ndi mantha enieni Misozi atamukhudza pa phewa. Pamenepo ndinaphunzira chinthu chimene Mayi Tembo sanandiuze: kwa mwana, mchitidwe ndi umene umayamba, mantha n'kubwera pambuyo kudzakhala m'nyumba imene mchitidwewo wamanga. Ana anayamba kumutchula Misozi kuti mwabi, dzina lonyoza anthu achialubino. Anakana kumwera kapu imene iye wamwera. Pa mphasa pankatsala danga kuzungulira iye, ndipo ndi Lute yekha amene ankakhala m'dangamo.

Ine ndinayesa zimene ndinkadziwa. Ndinkamunyamula Misozi pa miyendo nthawi ya nyimbo. Akamwa madzi, ndinkatenga kapu yomweyo n'kumwa otsalawo ana onse akuona. Aang'ono ankandiyang'ana kumaso, ndipo ataona kuti sindikuopa, anayambanso kumuyandikira. Koma nkhaniyo inafika kunyumba. Makolo anamva kuti ticha akumwera kapu imodzi ndi mwana uja kenako n'kumagwira ana awo. Ena anasiya kutumiza ana. Kumayambiriro kwa Malichi, Bambo Mwanza anandiitanira kuseri kwa golosale yawo.

"Ba Ticha, nkalani pansi. Ine nilibe nkani na mwana uja, ni mwana wa Mulungu monga bonse. Koma mwaona mweka, bantu bachosa bana. Sukulu ikagwa, imwe na ine tizadya chani?"

"Bwana, mwanayo sanalakwe chilichonse. Mundipatseko nthawi ndilankhule ndi makolo."

"Makolo nakamba nabo kudala. Bakana. Imwe ndimwe muzibana na bamake, yendani mukabauze bwino bwino kuti bamusungeko ku nyumba."

Ana anga, apa ndi pamene ndikufuna mumve bwino, chifukwa anthu a kutchalitchi amene amanditamanda sadziwa mbali iyi. Ndinapita. Ndinaganiza za abambo anu amene ankabwerako manja ali m'thumba masiku ambiri, ndinaganiza za inu atatu, ndipo ndinapita ku msika. Ndinapeza amake Misozi akumanga repu m'timitolo. Ndinazungulirazungulira ndi mawu, koma iwo anandidula.

"Ba Ticha, osavutika. Ninaziba kuti vizachitika. Nenze kuyembekeza chabe kuti ni liti."

Sanakalipe ndipo sanalire. Anandithokoza chifukwa cha miyezi iwiri imene mwana wawo anakhala ndi anzake. Misozi anali pansi pa thebulo la tomato, pa mthunzi. Anasuzumira n'kunena kuti, "Ba Ticha, mawa nizabwela na chipewa china." Ine sindinamuyankhe. Ndinachoka mofulumira ngati wakuba.

M'mawa mwake ana amene anachotsedwa aja anayamba kubwerera, ndipo Bambo Mwanza anandimwetulira. Koma nthawi yokhala pa mphasa itakwana, Lute anavula nsapato yake imodzi n'kuiika pambali pake, pamalo pamene Misozi ankakhala. Mwana wina atafuna kukhalapo, Lute anamukankha. Anachita zimenezi tsiku loyamba, lachiwiri ndi lachitatu. Ine ndinkayang'ana kumbali. Tsiku lachinayi, tili pakati pa nyimbo, anaimirira.

"Ba Ticha, Misozi analakwa chani?"

"Sanalakwe, Lute. Khala pansi."

"Nanga ali kuti?"

Nthawi yomweyo mnyamata wamantha uja anayankha mokweza, mosangalala ngati mwana amene wapeza yankho la samu. "Ba Ticha bamuchosa chifukwa ni mwabi!" Ana onse anatembenukira kwa ine. Nkhope makumi atatu zinali kuyembekezera kuona ngati ndikana. Lute anafunsanso, mawu ali pansi, "Na ine muzanichosa?"

 Amayi a pa geti aja anaphunzitsa ana kulavula, koma amene anawatsimikizira kuti kulavulako n'koyenera ndinali ine. Anandiona ndikumwera kapu ya Misozi, kenako anaona Misozi atasowa. Mwana wa zaka zinayi amatha kulumikiza zinthu ziwiri zoterozo. Anaphunzira kwa ine kuti munthu akhoza kukunyamula pa miyendo lero, mawa n'kukutaya anthu akadandaula.

Lamlungu pochokera kutchalitchi ndinawauza abambo anu zonse, tikuyenda m'mbali mwa ngalande. Titadutsa pa mpopi, iwo anati:

"Amake Tiyamike, mukudziwa kuti m'nyumba muja wogwira ntchito ndinu nokha."

"Ndikudziwa."

"Ndipo Tiyamike alemba mayeso a giredi 7 chaka chino."

"Ndikudziwanso."

"Ndiye mukufuna ndinene chiyani? Ndikakuletsani, muzidzandiyang'ana ngati ndine ndinathamangitsa mwana uja. Ndikakulolani, ana athu adzagona ndi njala. Chitani chimene mungathe kukhala nacho, koma musadzanene kuti sindinakuchenjezeni."

Lolemba ndinalawirira ku msika. Amake Misozi anakana poyamba. "Mufuna bakamulavulile futi? Mwana wanga si galu." Ndinawauza kuti sindingalonjeze kuti sadzalavuliridwa, koma ndikulonjeza kuti wolavulayo adzalavula ine ndili pomwepo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatenga chitenje chawo n'kundipatsa. Ndinamubereka Misozi kumsana ngakhale anali wamkulu, chifukwa usiku kunagwa mvula ndipo njira inali madzi okhaokha. Ndinafika pa geti nthawi imene amayi amasiya ana. Sindinadutse mwakachetechete. Ndinaima n'kupereka moni kwa aliyense pomutchula dzina la mwana wake, amake uje mwadzuka bwanji, amake uje kunyumba kuli bwanji, mwana ali kumsana. Ena anayankha, ena anayang'ana pansi. Mayi woyembekezera uja anagwira bulauzi yake, ndipo ine ndinangomuyang'ana. Dzanja lake linakhala pomwepo kwa kanthawi, kenako analitsitsa. Titalowa m'kalasi, Lute anachotsa nsapato yake pa mphasa n'kuivala, ndipo Misozi anakhala pansi.

Bambo Mwanza anabwera masana. Sanakuwe. Anati, "Ba Ticha, mwasankha mweka. Muzasiliza temu, pambuyo pake nizafuna munthu wina." Kunali kutatsala masabata atatu.

Masabata atatu amenewo ndinagwira ntchito imene ndinayenera kuigwira kuyambira pachiyambi. Ndinasiya kuchita ngati Misozi sakusiyana ndi anzake, chifukwa ana ali ndi maso ndipo ukawabisira chinthu amaganiza kuti n'choopsa. Ndinawauza mosabisa kuti khungu lake limapsa ndi dzuwa monga lawo limapsera ndi moto, ndipo maso ake amavutika ndi kuwala. Ndinawafunsa ngati wina anapsapo ndi mbaula. Manja anakwera, aliyense akufuna kuonetsa chipsera chake. Ndinafunsa kuti, nanga tichite chiyani kuti mnzathu asapse? Iwo okha ananena kuti masewera asamukire kumthunzi wa khoma. Iwo okha anayamba kukanganirana kuti lero wothamangira chipewa mphepo ikachiulutsa ndi ndani. Kulavula kunachepa, ndipo sabata yomaliza sindinakuonenso. Sindikunamizani kuti onse anasintha. Mnyamata uja sanakhalenso pafupi ndi Misozi mpaka tsiku lotsekera, ndipo makolo ena anachotsa ana awo osawabwezanso.

Chawama, kuyambira 1999

Temu itatha ntchito inathanso. Chaka chitatha, nyumba ya ku Kanyama tinaisiya n'kudzakhala m'chipinda chimodzi pa poloti ya amalume anu kuno ku Chawama. Amake Misozi, podziwa kuti ticha watsopano samulandira, anamutumiza mwanayo kwa abale awo ku Petauke temu ija itangotha. Sindinamuonenso. Ndinapitako ku msika wa ku Kanyama patapita zaka zingapo, koma pa thebulo paja panali munthu wina amene sankawadziwa. Ngati ali moyo, lero ndi mayi wamkulu. Sindidziwa ngati amandikumbukira monga munthu amene anamubereka kumsana kapena amene anamusiya pansi pa thebulo osamuyankha.

Nazale yanga ndinaiyamba pa khonde la amalume anu ndi ana asanu, ndipo ndi yomweyi imene ndaisiya m'manja mwa ena chaka chathachi. M'zaka zimenezi ndalandira ana achialubino awiri, mwana wosamva mmodzi, ndi ena ambiri amene anzawo akanatha kuwasala. Mwana wotere asanayambe, ndinkayamba ndayendera makolo a anzake khomo ndi khomo, chifukwa ndinali nditadziwa kumene ana amatenga mantha awo.

Tsopano ndilankhule ndi iwe, Tiyamike. Unakhoza mayeso aja ndipo unapatsidwa malo ku giredi 8, koma Januwale atafika tinalibe chokutumizira. Unakhala pakhomo zaka ziwiri ukugulitsa zitumbuwa pa siteshoni ya minibasi, anzako akudutsa ndi yunifolomu. Pamene unabwerera kusukulu unali wamkulu m'kalasi monse, ndipo za unamwino zimene unkalota kuyambira uli wamng'ono sunazitchulenso. Ntchito yanga ya ku Kanyama itatha ndinakuuza kuti Bambo Mwanza achepetsa antchito chifukwa cha madzi osefukira. Linali bodza, ndipo abambo ako anapita nalo kumanda chifukwa ndinawapempha kuti asakuuze. Zoona zake ndi izi ndalembazi: masabata atatu a mwana wa eni ndinawagula ndi zaka ziwiri za mwana wanga.

Ndadzifunsa kambirimbiri ngati ndinalakwa. Ndikuganiza kuti ndikanabwerera pa geti paja ndikanamuberekanso Misozi. Koma unali ndi zaka khumi ndi zitatu, msinkhu womva zinthu, ndipo ndinayenera kukukhazika pansi n'kukuuza chimene ndikufuna kuchita ndi chimene chidzakugwere. Ana a eni ndinkawafunsa tsiku ndi tsiku chimene chikuwapweteka. Iwe sindinakufunsepo ngakhale kamodzi, ndipo iwenso sunadandaulepo, ndiye ine ndinabisala m'kukhala chete kwakoko.

Ukawerenga izi usandiyankhe pa foni. Ubwere kuno ku Chawama wekha, ana uwasiye kwa bambo awo, udzandiuze mmene zaka ziwiri zija zinalili kwa iwe. Ndakhala ndikuopa kumva kwa nthawi yaitali, koma tsopano ndikufuna kumva zonse.